Matumba a NyaPolandi

Tandimasulireni aka, inu amene munatha mabenchi a sukulu ndi matako: ndi wogawa uti amene akayang'ana chakudya amaba, koma akafulatira amagawa mwachilungamo kuposa mngelo? Musathamange. Lisungeni m'tsaya funsoli ngati switi. Yankho lake lili ku Area 25, kuseri kwa tchalitchi, ndipo tifikako wapansi.

Chinali chaka chija cha chilala, 1992, pamene anthu anadya chimanga chachikasu mpaka ena kuyamba kuyenda ngati nkhuku. Ku Area 25 kunkakhala mayi wina wachizungu, dzina lawo a Zipora. Musaganize za azungu a mpanda wautali, galu ndi mlonda ayi. Awa anali a patapata ndi chitenje, onenerera tomato pamsika mpaka wogulitsa kupempha madzi akumwa. Anabadwira ku Poland, mtundu wawo Myuda, Myuda weniweni wa magazi. Nkhondo yaikulu ya azungu itatha, amalume awo amene anali ndi sitolo ku Ndola anawaitanitsa, ndipo kumeneko anakumana ndi telala wa ku Rumphi, a Ezekiel Msiska. Awiriwa anabwera ku Lilongwe mzinda ukumangidwa kumene. Azimayi akumpoto atasowa chowatchula anangoti NyaPolandi, dzinalo n'kukakamira ngati chisoso pa siketi.

A Msiska anatsogola, n'kuwasiyira makina osokera ndi Chinyanja cha ku Zambia chimene ankachilankhula ngati akutafuna mtedza wauwisi. Anthu anawazolowera ndi zachilendo zawo. Lachisanu dzuwa likamalowa ankayatsa makandulo awiri, magetsi ali ngwee. Loweruka singano sankagwira, ngakhale mutabwera ndi diresi la ukwati likung'ambika. M'tchalitchi sankalowa, koma mabulauzi oyera a amayi a mvano onse ankatuluka m'manja mwawo. Ndipo m'thumba la diresi lawo simunkasowa kachidutswa ka buledi kouma gwa. Ngakhale ku ukwati, mpunga uli mbwee, kabulediko kanali momwemo. Akafunsidwa ankangoti, "N'ka mawa."

Njala itafika povuta, lole inatula chimanga kutchalitchi, chochokera kwa akufuna kwabwino akunja, choti chigawidwe kwa mabanja makumi anayi osaukitsitsa, a mpingo ndi osakhala a mpingo omwe. Amayi busa anapempha a Zipora kuti asoke matumba ogawiramo. A Zipora anadula katoni imodzi, n'kuyezera ziguduli zonse pa katoni yomweyo. Matumba makumi anayi anatuluka ofanana ngati mapasa.

Wapampando wa komiti yogawa anali a Mcdonald Kamtedza. Bambo amenewa anagwira zaka makumi awiri ndi ziwiri pa sikelo ya fodya ku Kanengo, ndipo panalibe mwana kapena galu wa mu Area 25 amene sankazidziwa, chifukwa ankazinena pamaliro, pampopi, ngakhale popereka moni. Amayi busa atabweretsa ndowa yoyezera, iwo anaikankha ndi nsapato.

"Ndowa n'za anthu osapita kusukulu, amayi. Dzanja ili ndi sikelo. Mzungu wa ku Kanengo sikelo yake ikafa ankaitana ine. Ndikanyamula belo n'kunena makilo, iye n'kulemba osatsutsa."

Choncho kamodzi pa milungu iwiri, Lachisanu, ankadzitsekera okha m'chipinda chosungira katundu, kuthira, kumanga. Loweruka m'mawa ankaika matumba m'mizere iwiri, wina patsinde pa mtengo wa mango, wina m'mbali mwa khoma la tchalitchi, n'kumaitana maina, aliyense n'kumuloza lake. Dzina lawo nalonso linali pamndandanda. Ankati wopuma pantchito naye ndi wosauka.

Matumba akatha ntchito ankabwerera kwa a Zipora kuti awatseke mabowo. Ulendo wachiwiri, akuwayala pakhonde, anaona chinthu. Chingwe chikamanga thumba chimasiya khwinya. Matumba ena khwinyalo linali pafupi ndi kukamwa, mpata wa chala chimodzi. Ena linali kutali, mpata wa chikhatho ndi theka. Anawasiyanitsa milu iwiri, n'kukhala pansi, n'kumawayang'ana. Munthu amene wasoka matumba kuyambira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi simungamunamize ndi thumba.

Nyumba yoyandikana ndi yawo munkakhala a Dinah, mayi wamasiye wa ana asanu, wodyera kuchapa zovala za eni. Tsiku lomwelo kamtsikana kawo kotsiriza, Tisunge, kanali kakhala pamwala pafupi ndi mpanda, khosi ngati la botolo. A Zipora anakapatsa chidutswa cha buledi. Kamwanako sikanalume. Kananyambita chala, n'kutola nyenyeswa zimene zinagwera pamwendo, imodziimodzi, kenako kanayang'ana uku ndi uku n'kubisa chidutswacho m'diresi.

"Bwanji sukudya, iwe?"

"N'cha mawa, agogo."

A Zipora sanachedwe. Anazungulira mpanda n'kuwapeza a Dinah akufinya malaya.

"Dinah, chimanga chako chimakhala masiku angati?"

"Asanu ndi anayi. Tikamadya kamodzi."

"Kwa a Enerst a komiti chimatha milungu iwiri, n'kutsalako cha nkhunda. Thumba lako limakhala ndi khosi lalitali ngati khutu la mbuzi. Sunaone?"

A Dinah anasiya malaya n'kuwagwira mkono. "Ndinaona kalekale. Koma chonde, NyaPolandi, ndagwira mwendo wanu, musayankhule. Andifufuta pamndandanda. Loweruka likubwerali n'komaliza kugawa, amayi busa anena. Chimene tilandire chiyenera kutifikitsa ku mondokwa. Chochepa chomwecho ndi moyo wa anawa."

A Zipora anabwerera pakhonde. Anakhala pakati pa milu iwiri ija, manja ali pamaondo, mutu uli kutali kumene sankafuna kupitako.

Ali kamtsikana, asilikali a Chijeremani anasonkhanitsa Ayuda onse a m'tauni mwawo pabwalo la msika, aliyense ndi nyenyezi yachikasu yosokeredwa pachifuwa. Mlandu wawo unali umodzi: kubadwa Ayuda. Ana ndi okalamba ankawaimika mbali iyi, olimba ogwira ntchito mbali iyo. Mayi ake a Zipora anavula nsapato zawo zazitali, n'kufutsamo nsanza, n'kumuveka mwanayo. Anamutsina masaya mpaka kufiira. "Akakufunsa, uli ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndipo umadziwa kusoka." Kusokako sankadziwa n'komwe. Koma msilikali anamuyang'ana kamodzi n'kumukankhira kwa olimba. Mayi ake ndi azichimwene ake awiri aang'ono anakwera sitima ina, imene sinabweze munthu.

Iye anakathera kukampu ya waya waminga, yokhala ndi fakitale ya matumba. Ankalowa kusanache, kutuluka kutada. Kuzizira kwake kwa kumeneko, kumene chisanu chimagwa kumwamba choyera ngati ufa, zala zinkang'ambika n'kumadontheza magazi pachiguduli. Wogwa pamakina ankamunyamula, malo ake n'kukhalapo wina. Chakudya chinali madzi otentha onunkhira kabichi, ndi buledi mmodzi wa atsikana asanu ndi atatu.

Pagulu lawo panali chimtsikana china chachikulu chimene chinanola mpini wa supuni n'kukhala mpeni. Mwini mpeni ndiye ankadula. Chidutswa chake ndi cha mnzake zinkatuluka zonenepa, cha Zipora choonekera kuwala ngati kansalu ka pawindo. Ukadandaula, chinkati, "Diso langa silinama, zonse n'zofanana." Mtsikana amene ankagona pambali pa Zipora analandira zopyapyala zomwezo mpaka m'mawa wina sanadzuke. Anabweretsa wina pamalo pake, n'kukhalanso asanu ndi atatu.

Tsiku limenelo buledi atadulidwa, kamwana kochepetsetsa pagulupo, Zipora yemweyo, kanaimirira.

"Ngati n'zofanana, yang'ana kukhoma. Wina aziloza, iwe uzitchula dzina."

Enawo anaima kumbuyo kwake, ndipo chimtsikanacho chinasowa pothawira. Chinafulatira, chinatchula maina, n'kugwera chidutswa chopyapyala chimene chinadulira Zipora. Mawa lake mukanaona kudula kwake! Chinataya mpeni chifukwa unkagwetsa nyenyeswa, n'kuyamba kudula ndi ulusi wosolola pachiguduli, lilime lili panja, kuyeza, kubwereza, kuyezanso. Chinayesapo kuchenjera, kupangana ndi mnzake kuti azitsokomola akaloza chachikulu, koma anachigwira, poti wanjala amamva ndi msana womwe. Kuyambira pamenepo, pa buledi wawo sipanafenso munthu. Anadutsa nyengo ziwiri za chisanu. M'mawa wina anadzuka n'kupeza alonda athawa, geti lili pululu, ndipo onse asanu ndi atatu anatuluka ndi miyendo yawo, atagwirana mapewa ngati oledzera. Zipora anali wopepuka ngati kamwana ka mbuzi, koma wamoyo, kachidutswa ka buledi kali m'malaya.

Mwalimva yankho lija? Lavulani tsopano, koma musachoke, nkhani ikadalipo.

Loweruka linafika. Chiyambire kugawa, a Zipora anali asanapondeko kutchalitchi chifukwa cha Sabata lawo. Tsikuli anamanga chitenje, n'kuyang'ana kudenga. "Mundikhululukira. Matumbawo nanu munawaona." Ananyamuka.

Anapeza anthu atakhala pafumbi, matumba ali m'mizere yake iwiri, a Mcdonald ali chilili ndi tayi, mndandanda m'manja, akufotokoza za belo lina la mu 1978 limene analinena makilo osalikhudza n'komwe.

"Ee, NyaPolandi lero atiyendera!" anakuwa a Fatu, mayi wa Chisilamu wogulitsa mandasi, amene pakamwa pawo panalibe chitseko. "Mwabatizidwa liti osatiuza?"

"Ndabwera kudzaona ana anga," anatero a Zipora, akuloza matumba. "Ndinawabereka ofanana. Ndikufuna ndione ngati akukula mofanana."

A Dinah anaweramitsa mutu mpaka pamaondo.

"A Kamtedza, mwadzuka bwanji? Matumbawa ndi ofanana onse?"

"Amayi, mukufunsa ine? Zaka makumi awiri ndi ziwiri! Mutapeza kusiyana kwa njere imodzi, dzanja ili mulidule."

"Njere imodzi ayi?"

"Ngakhale theka la njere."

"Ndiye palibe kanthu kaya munthu atenga ili kaya ilo."

"Palibe... eya, palibe kanthu."

"Basi, tigawe chikwathu. Inu yang'anani kukhoma. Ine ndiziloza thumba n'kufunsa kuti ili n'la yani, inu muzitchula dzina lililonse mwafuna."

Anthu anayamba kung'ung'udza, ena kuseka. A Mcdonald anamasula tayi pang'ono.

"Amayi busa, kodi ntchito ya Mulungu yasanduka masewera a ana? Mayi awa si a mpingo uno. Komanso mzungu angadziwe chiyani za njala? Kwawo agalu amadya nyama ya m'chitini."

A Zipora sanakweze mawu. Anatambasula manja awo onse awiri kuti anthu aone zala zokhota, zodzaza zipsera zoyera.

"Ine njala ndinagona nayo bulangeti limodzi zaka zitatu, a Kamtedza, ndili msinkhu wa ana awa. Tinali m'waya ngati nkhuku, tikusoka matumba a anthu amene anapha amayi anga. Buledi mmodzi, pakamwa pasanu ndi patatu. Tinagawa chonchi, wodula atayang'ana kukhoma, ndipo tinatuluka tonse. Otitsekerawo anali ndi mfuti, agalu, nsapato zonyezimira. Ali kuti lero? Ine ndili pano, ndakalamba, ndanenepa, ndikukangana ndi inu."

Maso onse anagwera pa zala zija. Zaka zonsezi anthu ankangodziwa kuti NyaPolandi alibe abale. Sankadziwa chifukwa.

Amayi busa anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "A Kamtedza, mwanena nokha kuti n'zofanana. Khoma ndi ilo."

"Pitani, abambo," anatero a Fatu. "Khoma sililuma."

Bambo aja anapita, mphuno pafupi ndi njerwa, mndandanda m'manja. A Zipora anayenda kumzere wa m'mbali mwa khoma, n'kuloza thumba la khosi lalitali.

"Ili n'la yani?"

"A Fatu."

Anawolokera kumango, n'kuloza lonenepa. "Nanga ili?"

"A Enerst."

Anabwereranso kukhoma. "Ili?"

"A Dinah."

A Dinah anadzuka pang'onopang'ono, n'kukatenga thumba lawo lopepuka lomwe lija, misozi ili lengelenge. Anadutsa pafupi ndi a Zipora osawayang'ana. Anthu anayang'anana. Nzeru ya kwa azungu ija yakanika? Mapewa a a Mcdonald anali atayamba kuvina, munthu akuseka yekha ndi khoma.

A Zipora anaima kaye. Anayang'ana makutu a bambo aja, ali tcheru ngati a mphaka. Eya. Chimtsikana chija chinali ndi chifuwa cha mnzake, awa ali ndi makutu: akumvetsera kumene mawu akuchokera. Anakodola a Fatu ndi chala, n'kuloza mapazi awo, n'kuloza thumba la a Dinah, n'kuloza patsinde pa mango. A Fatu anamva msanga, poti pa zachipongwe zotere sankafuna kuwabwerezera. Anavula patapata, n'kulanda thumbalo m'manja mwa a Dinah, n'kuyenda monyang'ama ngati wakuba nkhuku, matako ali m'mwamba, n'kukaliika patsinde penipeni. Pamenepo panali patatsamira chithumba china chonenepa kuposa onse, chomangidwa movutikira, chimene aliyense wa maso ankadziwa mwini wake. Azimayi analuma zitenje kuti phwete lisatuluke.

A Zipora anapita patsindepo akukhwekhwereza patapata dala kuti amveke. Anamenya chithumba chonenepacho ndi chikhatho, phaa, kulira kwake kwa thumba lokhuta. Kenako analoza la a Dinah, anthu onse akuona.

"Ili n'la yani?"

A Mcdonald anakhosomola mwaulemu. "Limenelo... aa, tiyeni tingoti la kwa a Kamtedza, tithane nazo za ine."

"Mwatsimikiza?"

"Ndanena ndanena."

"Bwerani mudzatenge."

Anatembenuka akumwetulira. A Fatu anawanyamulira thumbalo ndi zala ziwiri, khosi lake likulendewera, n'kugwada pansi powapatsa ngati mtengwa walandira mlendo. Kumwetulira kuja kunagwa ngati mango owola.

"Iyayi! Si limeneli! Ili n'la kukhoma, la amasiye! Langa ndi ilo, ndinalitsendera nde..."

Anatseka pakamwa ndi dzanja, dzanja lomwe lija la sikelo. Koma mawu anali atatuluka kale, akuyenda pabwalo ndi miyendo yawo.

"Mwati la ndani, a Kamtedza?" anafunsa amayi busa mofatsa.

"Ndimati... kunena kwake... chinyezi, amayi. Chimanga chikakhala kukhoma chimauma, chimanyala."

"Chauma kuyambira m'mawa uno?" anakuwa a Fatu. "Ndiye chokani kukhomako msanga, abambo, mungatithere!"

Pamenepo bwalo linaphulika. Gogo wina anagwa chagada miyendo m'mwamba. A Enerst anakankha thumba lawo ndi phazi pang'onopang'ono, ngati salidziwa. A Dinah anaseka akulira, kulira akuseka, osadziwa choyamba n'chiti.

"Adule dzanja, analonjeza okha!" wina anakuwa kumbuyo.

"Lisiyeni dzanjalo," anatero a Zipora. "Lili ndi ntchito. Bweretsani ndowa ija."

Anayala mikeka, n'kukhuthula matumba onse makumi anayi pamulu umodzi. Anawapatsa a Mcdonald ndowa ndi kathabwa kosalazira pamwamba, n'kuwauza kuti akatha kuthira abwerera kukhoma, ndipo ulendo uno wofunsa aima malo amodzi n'kumaloza ndi nsungwi. Amayi inu, mukanaona kuyeza kwake! Tayi anavula, thukuta kamukamu, lilime panja. Njere ikagwa pansi ankaithamangira. Thumba lina likaoneka lochepa ndi kadzanja kamodzi ankalimasula n'kuyambiranso, poti ndani akanadziwa, mwina likanakhala lawo. A Zipora anawayang'ana, n'kuona chimtsikana chija ndi ulusi wake, ndipo anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

Matumba anaima mzere umodzi, makosi onse ofanana. Dzina la a Dinah litatchulidwa, thumba linawakanika kudzitwika okha, mpaka azimayi awiri kuwathandiza. Linali loti liwafikitsa ku mondokwa, anawo akudya kawiri. Tisunge anathamanga patsogolo kukatsegula chitseko.

A Zipora anakhala pamuzu wa mango. Anapisa m'thumba la diresi, n'kutulutsa kabuledi kouma kaja, n'kukayang'ana. Kenako anakaponya m'kamwa, n'kumakukuta, khurr khurr, ndi mano awo otsala.

"Ii, NyaPolandi!" anadabwa a Fatu. "Mwadya ka mawa?"

"Mawa lakwana."

Thumba lomaliza litatengedwa, a Mcdonald anachoka kukhoma, mphuno ili yofiira ndi fumbi la njerwa. Anavalanso tayi, anakonza kolala, n'kuyang'ana anthu ngati palibe chachitika.

"Mwaona nokha," anatero. "Makumi anayi, osasiyana njere. Ndinakuuzani kuti dzanja ili ndi sikelo."

"Sikelo yeniyeni, abambo," anavomera a Fatu, akutwika thumba lawo. "Kungoti ndi ya mtundu wachilendo. Imagwira ntchito mwini wake akaonetsa anthu matako."

Ngakhale amayi busa, munthu wa Mulungu, anakhala pansi pafumbi n'kuphimba nkhope ndi buku la nyimbo. A Mcdonald anasenza thumba lawo n'kulowera njira yachidule ya kuseri kwa zimbudzi, chiseko chikuwatsatira mpaka kumsewu.